San Jose Sharks ya 2023-24: kodi zigoli 331 zija zinkalowera pati?

Pa 2 Novembala 2023, mu NHL, ligi ya hockey ya pa ayisi ya ku America ndi Canada, Vancouver Canucks inafika ku SAP Center, bwalo la San Jose Sharks, n'kuswa eni bwalowo 10-1. Patangodutsa masiku awiri, pabwalo lomwelo, Pittsburgh Penguins inathiranso zake 10, eni bwalo n'kubweza ziwiri zokha. Timu yomaliza kuchinyitsa zigoli 10 m'magemu awiri otsatizana mu NHL inali Boston Bruins, kalekale mu 1965. Pofika usiku umenewo Sharks inali itasewera magemu 11 osalawako chipambano, itagoletsa zigoli 12 n'kuchinyitsa 55. Chowawa kwambiri n'chakuti pakati pa osewera a Pittsburgh panali Erik Karlsson, munthu amene miyezi itatu m'mbuyomo anali wathu, wa Sharks.

Masapota tikaona 10-1 timathamangira anthu awiri, goloboyi ndi kochi. Chaka chimenechi onse awiriwa anatukwanidwa, ndipo kochi David Quinn anachotsedwadi ntchito sizoni itangotha. Koma ine ndimati zigoli 331 zija sizinkalowera pagolo pokha. Zinkayambira pakona, kuseri kwa golo, pamene wotchinga kumbuyo amatola puck, kachimbale kakuda kamene amamenya ndi ndodo m'malo mwa mpira, n'kusowa kopita nayo. Ndipo ukalondola bwino chifukwa chimene ankasowera kopita nayo, umakathera ku ofesi, pa makontrakiti amene anasainidwa pakati pa 2016 ndi 2019.

Manambala a kumapeto ndi awa. Pa magemu 82 Sharks inapambana 19, inagonja 54 mu nthawi yokhazikika, ndipo 9 inagonja mu nthawi yowonjezera kapena pa shootout, imene ili ngati mapenate. Mu NHL kupambana ndi mapointi awiri, kugonja nthawi yokhazikika itatha mofanana mphamvu ndi pointi imodzi, ndiye zonse pamodzi zinakwana mapointi 47. Chiyambireni malire a malipiro mu 2005, ndiko kuti ndalama zimene timu siiloledwa kupitirira polipira osewera ake onse pa chaka, palibe timu ina inatsika chonchi pa sizoni ya magemu 82. Colorado Avalanche ya 2016-17, imene tinkaiseka, inali ndi 48. Zigoli zogoletsa 181, zochinyitsa 331, kusiyana kwake 150. Ukagawa, gemu iliyonse inkatha ngati 4-2 mokomera adani. Amene anazolowera mpira wamiyendo afunsa ngati timu yotere sinatuluke mu ligi. Mu NHL mulibe kutsika. Matimu 32 ali momwemo chaka ndi chaka, ndipo womaliza ndi amene amapatsidwa mwayi waukulu wosankha mnyamata wabwino kuposa onse pa draft, mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu amasankhira osewera achinyamata motsatana. Lamulo limeneli ndi limene likufotokoza theka la zimene zinachitika ku San Jose.

Za magoloboyi ndisachedwepo. Mackenzie Blackwood, amene anachokera ku New Jersey Devils, anapherera mashoti 899 pa 1,000 aliwonse. Avereji ya ligi yonse chaka chimenecho inali 903. Sharks inkalola mashoti pafupifupi 35 pa gemu, iyo n'kumaombera pafupifupi 25. Werengani nokha: mashoti 35 kwa goloboyi wa 899 ndi zigoli zitatu ndi theka, mashoti omwewo kwa goloboyi wa avereji ndi zigoli 3.4. Kusiyanako sikungasinthe tebulo. Gemu yake yoyamba mu jezi ya Sharks, pa 14 Okutobala polimbana ndi Colorado, Blackwood anapherera mashoti 51 ndipo timu inagonjabe 2-1 pa shootout. Pointi yokhayo imene timu inali nayo m'magemu 11 oyamba aja anaikumba ndi iyeyu yekha. Amene ankati vuto ndi goloboyi sankaonera magemu, ankangoona zotsatira m'mawa.

Nkhani yeniyeni ili pa kutulutsa puck m'dera lako, ndipo apa mpofunika kufatsa.

Bwalo la NHL ndi lotalika mamita 61, mulifupi 26, ndipo mizere iwiri yabuluu imaligawa patatu. Matimu ambiri akafika pa mzere wofiira wapakati n'kuona kuti njira yatsekeka, amangoponyera puck kukona kwa adani n'kuithamangira. Wotchinga kumbuyo ayenera kutembenuka, kuthamanga atafulatira adani, n'kukaitola kukhomako. Ali ndi sekondi imodzi kapena iwiri. Wodziwa ntchito amacheuka kawiri asanaifike, koyamba kuti aone amene akumuthamangitsa akubwerera mbali iti, kachiwiri kuti aone anzake aima pati. Akaitola, njira zake n'zowerengeka. Akhoza kuipatsira mnzake wotchinga naye kudzera kuseri kwa golo. Akhoza kuzungulira nayo golo ali pa liwiro, golo lija n'kumutchingira womuthamangitsa. Akhoza kunamizira kupita mbali imodzi n'kuibwezera kumbuyo pogunditsa khoma kuti mnzake aitole. Akhoza kuikankhira m'mbali mwa khoma kwa wosewera wa kuphiko amene waima chapakati pa dera. Njira yabwino koposa ndi pasi yaifupi ya mamita atatu kapena anayi kwa senta, wosewera kutsogolo wapakati, amene watsika pafupi ndi golo akuyang'ana kutsogolo, chifukwa ameneyo amatuluka nayo ali pa liwiro, timu yonse n'kunyamuka naye.

Njira yomaliza, ya munthu wothedwa nzeru, ndi kuimenyetsa pagalasi kuti ingotuluka. Ikatuluka adani amaitola pakati pa bwalo n'kubweranso. Ikapanda kutuluka, wotchinga kumbuyo wa adani amene waima pa mzere wabuluu amaigwira, ndipo mumayambiranso, koma tsopano mutatopa.

Adani nawonso amabwera mwadongosolo. Woyamba amathamangira munthu, osati puck, kuti amupanikize kukhoma. Wachiwiri amatseka khoma la mbali imene puck ikuyembekezeka kudzera. Wachitatu amatsalira chapamwamba kudikira pasi yotayika. Akadziwa kuti timu inayo ilibe wotchinga wotha kuzemba munthu mmodzi kapena kuponya pasi yapakati, amasiya kuopa. Otchinga awo amatsikira m'khoma kudzalanda puck kwa wa kuphiko uja, podziwa kuti palibe amene awadutse kumsana. Izi ndi zimene zinkaichitikira Sharks usiku ndi usiku: puck kukhoma, wa kuphiko ali chiimire atafulatira, munthu ali kale pamsana pake, puck n'kubwerera kukona.

Zikatere wotchi imayamba kukudya. Mu hockey osewera amasinthana gemu ili mkati, ndipo shifiti yabwino ndi masekondi 40 mpaka 45. Ukapitirira mphindi imodzi uli m'dera lako, miyendo imauma. Munthu wotopa amaimirira chowongoka, ndodo imachoka pa ayisi, amasiya kuyendetsa mapazi n'kuyamba kukoka mnzake ndi ndodo, oyimbira n'kumutumiza kukakhala mphindi ziwiri panja. Akati angoimenya kutali kuti apume, ikadutsa mzere wa golo la adani iye asanafike pa mzere wofiira, ndi icing: puck imabwerera m'dera lake lomwelo, ndipo lamulo silimulola kusintha osewera pamene adani akulowetsa atsopano. Chigawo chachiwiri ndiye choopsa zedi, chifukwa matimu amasinthana magolo koma mabenchi sasuntha, choncho benchi yako imakhala kutali ndi golo lako. Wotchinga wotopa amafunika kudutsa theka la bwalo kuti akasinthe, ndipo sangayerekeze ngati puck sinalowe mkati mwenimweni mwa dera la adani. Magemu a 10-1 amabadwa chonchi. Si mashoti 10 odabwitsa ayi, ndi mashifiti a mphindi imodzi ndi theka otsatizana, goloboyi akuona miyendo ya anzake omwe m'malo moona puck.

Nanga n'chifukwa chiyani Sharks inalibe munthu wotulutsa puck? Inali naye, ndipo anali katswiri wa ligi yonse. Mu 2022-23 Karlsson anapeza mapointi 101, zigoli 25 ndi mapasi obala zigoli 76, kukhala wotchinga kumbuyo woyamba kufika 100 chichokereni Brian Leetch mu 1992, ndipo anapata chikho cha Norris, cha wotchinga kumbuyo wabwino koposa mu ligi. Pa 6 Ogasiti 2023 anagulitsidwa ku Pittsburgh. Chaka chotsatira wotchinga wa Sharks amene anatsogola pa mapointi anali Mario Ferraro, ndi 21. Ferraro ndi munthu wolimba mtima, amadziponya kutsogolo kwa mashoti mosaopa, koma pa timu yabwino angakhale wachitatu kapena wachinayi, osati wonyamula mphindi zolemera zonse. Pambali pake panali Jan Rutta, Kyle Burroughs, Marc-Edouard Vlasic wa zaka 36, Henry Thrun amene anali atangochoka ku Harvard, ndi Ty Emberson amene anatoledwa pa waivers, mndandanda wa osewera amene timu yawalekerera kuti ina iwatenge, kuchoka ku New York Rangers. Zinafika poti masabata oyamba pa power play, nthawi imene adani achepa chifukwa mmodzi wawo ali pa chilango, timu inkayesa kuika osewera kutsogolo asanu, popanda wotchinga ndi mmodzi yemwe, chifukwa panalibe womudalira pa mzere wabuluu. Patapita masiku ochepa chichitikireni 10-2 ija, mkulu woyendetsa timu Mike Grier anakatenga Calen Addison ku Minnesota Wild, makamaka kuti adzagwire ntchito imeneyi.

Sikuti kugulitsa Karlsson kunali kulakwitsa. Ndi mapointi ake 101 aja timu inathera pa mapointi 60 basi, kutali ndi ma playoffs, magemu ochotsana olimbirana chikho. Munthu wa zaka 33, wolandira madola 11.5 miliyoni pa chaka, atangopata Norris, ndi nthawi yake yomugulitsa imeneyo. Cholakwika chinachitika kale, ndipo chinachitika pa zifukwa zomveka.

Sharks ya Doug Wilson, amene anayendetsa timu kuyambira 2003 mpaka 2022, inali m'gulu la matimu odalirika mu ligi. Joe Thornton, Patrick Marleau, Joe Pavelski, Brent Burns ndi Logan Couture anaifikitsa mu fainolo ya Stanley Cup, chikho cha ligi yonse, mu 2016, n'kugonja kwa Pittsburgh m'magemu 6. Pofuna kuyesanso akuluakuluwo asanakalambe, Wilson anasainitsa makontrakiti a zaka 8: Burns madola 8 miliyoni pa chaka, Vlasic 7 miliyoni, Couture 8 miliyoni. Goloboyi Martin Jones anapatsidwa zaka 6. Mu Seputembala 2018 anakatenga Karlsson ku Ottawa Senators, ndipo mwa zimene analipira munali Josh Norris ndi mwayi wosankha m'ndime yoyamba ya draft. Mu 2019 timu inafika mu fainolo ya Western Conference, mbali ya matimu a kumadzulo, n'kugonja kwa St. Louis Blues. Karlsson anasaina zaka 8 za madola 92 miliyoni, ndalama za Pavelski zinasowa, kaputeni uja n'kupita ku Dallas. Chaka chotsatira timu inagwa mpaka pansi pa Western Conference, ndipo mphotho ya kugwako inapita ku Ottawa, imene inasankha Tim Stützle pa nambala 3 mu 2020. Kuvutika tinavutika ife, mnyamata anapita kwina.

Makontrakiti oterewa ali ngati katapila: umadya lero, chiwongoladzanja chimakupeza mphamvu zobwezera zitatha. Mu NHL ndalama zimene wosewera wasainira n'zotsimikizika, sungangomuchotsa. Njira zothawira ndi ziwiri, ndipo zonse zimasiya chipsera. Ukhoza kumugula kuti achoke, n'kumulipira magawo awiri mwa atatu a ndalama zotsala pa zaka zowirikiza kawiri, monga anachitira ndi Jones mu 2021, dzina lake n'kutsala pa mabuku mpaka 2027. Kapena ukhoza kumugulitsa n'kusunga gawo la malipiro ake, koma timu imaloledwa kusunga malipiro a osewera atatu okha nthawi imodzi. Mu 2023-24 malire a malipiro anali madola 83.5 miliyoni. Pa ndalama zimenezi, pafupifupi 2.7 miliyoni zinkapita kwa Burns amene ankasewerera Carolina, 1.5 miliyoni kwa Karlsson ku Pittsburgh, ndi pafupifupi 2.9 miliyoni kwa Jones. Ndi madola 7 miliyoni amenewo a anthu osavala jezi yathu. Onjezanipo 8 miliyoni za Couture, amene anasewera magemu 6 okha chifukwa cha matenda a osteitis pubis, kutupa kwa polumikizira mafupa a m'chinena. Onjezaninso makontrakiti amene Grier anavomera kulandira kuti malonda a Karlsson atheke: Mikael Granlund 5 miliyoni, Mike Hoffman 4.5 miliyoni, Rutta 2.75 miliyoni. Awa anali anthu amene matimu awo ankafuna kuwatula.

Za Couture ndiimepo pang'ono, chifukwa zikuonetsa kufunika kwa senta pa nkhani ya kutulutsa puck ija. Timu inayamba sizoni yopanda iye, ndipo Granlund anavulala gemu yoyamba n'kukhala kunja masabata angapo. Ndiye kuti m'magemu ambiri mwa 11 oyamba aja, masenta awiri mwa atatu odalirika kunalibe, katundu yense ali pa Tomas Hertl. Couture atabwerera pa 20 Januwale 2024, timu inapambana magemu anayi mwa 6 amene anasewera, kuphatikizapo ya Los Angeles Kings ndi ya New York Rangers. Si kuti iye ankagoletsa. Kubwera kwake kunangobwezera aliyense pa malo ake oyenera, wa gulu lachitatu la osewera kutsogolo n'kumasewera ndi anzake a gulu lachitatu. Gemu ya pa 31 Januwale ku Anaheim inakhala yomaliza pa moyo wake wa hockey, ngakhale izi anadzazilengeza mu Epulo 2025.

Sizoni yoipa siikhala yoipa tsiku lililonse, ndipo n'zimene zimatisunga. Grier atalankhula ndi osewera pamaso, pa 7 Novembala Sharks inagonjetsa Philadelphia Flyers 2-1, zigoli za Anthony Duclair ndi William Eklund. Patapita masiku awiri inagonjetsa Edmonton Oilers 3-2. Usiku umenewo timu ya Connor McDavid inali ndi mapointi asanu, chimodzimodzi ife. Masiku atatu pambuyo pake Edmonton inachotsa kochi Jay Woodcroft, n'kulemba Kris Knoblauch, ndipo inakathera mu gemu ya 7, yomaliza, ya fainolo ya Stanley Cup. Masapota a Sharks mpaka lero amati fainolo imeneyo anaiyambitsa ndi iwo. Kuyambira pa 7 Novembala mpaka pa 12 Disembala timu inapambana magemu 9 mwa 18. Pa 5 Disembala inali kumbuyo 4-1 m'chigawo chachitatu kwa New York Islanders, Hertl n'kumwetsa zitatu, Eklund n'kumaliza 5-4 mu nthawi yowonjezera. Pa 7 Disembala ku Detroit inali kumbuyo 4-0, inapambana 6-5, chigoli chomaliza cha Granlund. Kwa amene amaonera ali ku Lilongwe kapena ku Lusaka, gemu ya 7:30 madzulo ku California imayamba 5:30 m'mawa nthawi yozizira ya kumeneko, za kum'mawa kwa America zimayamba cha m'ma 2 usiku, ndiye sabata imeneyo inali yosowetsa tulo koma yokoma.

Kenako inagonja magemu 12 otsatizana osapeza ndi pointi imodzi yomwe, mpaka inakapumira ku Montreal pa 11 Januwale ndi 3-2.

Kwa timu yotere, tsiku lalikulu pa kalendala ndi lotsekera malonda a osewera, limene linali pa 8 Malichi 2024. Mfundo yake ndi yosavuta: aliyense amene kontrakiti yake ikutha mu Juni ndipo sali m'mapulani a zaka zitatu zikubwera, mugulitseni kwa amene akuthamangira chikho. Duclair anapita ku Tampa Bay, kukabwera Jack Thompson ndi mwayi wosankha m'ndime yachitatu. Goloboyi Kaapo Kähkönen anapita ku New Jersey. Izi aliyense ankaziyembekezera. Chimene chinatidzidzimutsa ndi Hertl, amene anali atangochitidwa opaleshoni ya bondo ndipo anali ndi zaka 6 zotsala pa kontrakiti ya madola 8.1 miliyoni pa chaka, kupita ku Vegas Golden Knights, timu imene masapota a San Jose amadana nayo kuposa ina iliyonse chichitikireni gemu ya 7 ya ma playoffs a mu 2019 pakati pa matimu awiriwa. Sharks inalandira David Edstrom ndi mwayi wosankha m'ndime yoyamba ya 2025, koma inaperekanso mwayi uwiri wa m'ndime yachitatu, n'kusunga 17 peresenti ya malipiro a Hertl mpaka 2030.

Malonda amenewa sindinawakonde, ndipo chifukwa changa si chikondi cha pa Hertl chokha. Kusunga malipiro ake kunadzaza malo achitatu aja. Timu yomanganso imakhala ndi ndalama zambiri zosagwiritsa ntchito, ndipo njira imodzi yozisandutsira chuma ndi kukhala mkhalapakati pa malonda a matimu ena, kusunga theka la malipiro a wosewera wa eni kwa miyezi iwiri n'kulandira mwayi wosankha pa draft. Kapenanso pogulitsa wosewera wako, ukasunga theka mtengo wake umakwera. Ndi Burns, Karlsson ndi Hertl pa mndandanda, khomo limenelo linatsekeka mpaka kontrakiti ya Burns itatha mu 2025. Komabe chilungamo chinenedwe: mu Ogasiti 2024 Grier anatenga Edstrom ndi mwayi wa Vegas uja n'kukagulira goloboyi wachinyamata Yaroslav Askarov ku Nashville. Mwayi wosankha umene unachokera pa malonda a Karlsson unali nambala 14, anauphatikiza ndi nambala 42 n'kukwera pa 11, pamene anasankha wotchinga Sam Dickinson. Malonda a Timo Meier a mu Febuluwale 2023 anabweretsa Fabian Zetterlund, amene anatsogola timu ndi zigoli 24 n'kusewera magemu onse 82, komanso wotchinga Shakir Mukhamadullin ndi mwayi umene unakhala Quentin Musty.

Popanda Couture ndi Hertl zinthu zinangoti phwasu. Pa magemu 31 omaliza timu inapambana asanu. Pa 23 Malichi inatsogola 4-0 pakhomo polimbana ndi Chicago Blackhawks, timu yachiwiri kuchokera pansi, n'kugonja 5-4. Pa 15 Epulo Edmonton ija inabweza chipongwe ndi 9-2, McDavid n'kupezerapo pasi yake ya nambala 100 ya chaka. Pofika apa masapota anali atagawanika. Ena ankawerengera kugonja kulikonse ngati phindu, maso ali pa tebulo la pansi, kuopa kuti Chicago ingatilande malo omaliza. Ena ankati kulipira tikiti, kuona osewera akutuluka m'kamwa mwa shaki wamkulu wopanga amene amadzeramo polowa pabwalo, utsi uli tolotolo, kenako n'kumapempherera kugonja, ndi matenda. Mipando yopanda anthu ku SAP Center, bwalo la anthu oposa 17,000 limene kale linkadzaza chaka chonse, inkasonyeza mbali imene ambiri anasankha: kukhala kunyumba.

Amene ankasangalala ndi kugonja ankaiwala masamu a mayere. Pa draft lottery amaika timipira 14 m'makina n'kutulutsa tinayi, zimene zimapereka magulu a manambala 1,001. Limodzi amalitaya, 1,000 otsalawo amagawira matimu 16 amene sanafike mu ma playoffs. Timu yomaliza imalandira 185, ndiko kuti 18.5 peresenti. Popeza timu siloledwa kukwera malo oposa 10, akapambana mmodzi mwa matimu asanu apamwamba pa 16 aja, nambala 1 imatsalabe kwa womaliza, ndipo mwayi wonse umafika 25.5 peresenti. Ndiye kuti ukavutika miyezi 6 yathunthu, katatu mwa kanayi nambala 1 imapita kwina. Chimene umatsimikiza n'chakuti sutsika kupitirira nambala 3. Detroit ya 2019-20, pansi pa malamulo akale, inathera pansi penipeni n'kusankha pa nambala 4. Pa 7 Meyi 2024 timipira tinagwera San Jose, koyamba m'mbiri ya timuyi kuyambira 1991, ndipo pa 28 Juni ku Sphere ku Las Vegas, Thornton ndi ndevu zake anakwera pansanja kukatchula dzina la Macklin Celebrini wa ku Boston University, amene anapata mphotho ya Hobey Baker, ya wosewera wabwino koposa wa m'mayunivesite a ku America, ali ndi zaka 17. Mnyamatayu anaseweraponso timu ya ana ya Jr. Sharks, bambo ake atayamba ntchito ku timu ya basketball ya Golden State Warriors. Unali mwayi, ndipo tiziutchula kuti mwayi.

Za Quinn, amene anachotsedwa pa 24 Epulo, maganizo anga ali pawiri. Palibe kochi akanaifikitsa timu iyi pa mapointi 70. Koma kusiyana kwa timu yofooka ndi timu yotayika kumaoneka chigoli chachitatu chikalowa. Yofooka imafupikitsa mashifiti, senta amatsika kwambiri, aliyense amavomera kuponyera puck mkati n'kukasintha, gemu n'kutha 4-1. Yotayika aliyense amayamba kudzisewerera, otchinga amathamangira kutsogolo nthawi yolakwika, 3-0 n'kusanduka 7-0 m'mphindi khumi. Sharks ya chaka chimenechi inkatayika kawirikawiri, ndipo zimenezo zili m'manja mwa kochi. Palinso funso la anyamata. Eklund, wa zaka 21, anapeza mapointi 45, koma anamaliza ndi minus 45, kutanthauza kuti iye ali pa ayisi, kupatula nthawi ya power play, timu inachinyitsa zigoli 45 kuposa zimene inagoletsa. Nambala imeneyi imanena zambiri za timu kuposa za munthu, komabe mnyamata amene akuphunzira ligi akuthera theka la shifiti iliyonse akuthamangitsa puck m'dera lake sakuphunzira zimene anamusankhira. N'chifukwa chake ndinaona kuti zinali bwino Will Smith, amene anasankhidwa pa nambala 4 mu 2023, akhale ku Boston College chaka chimenecho.

Amene timu yake ili m'dzenje lotere, tebulo silimuuza kanthu. Pali zina zoti aziwerenga yekha. Pa maulendo 10 amene adani aponyera puck kukona, ndi kangati timu ikutuluka nayo ili pa ndodo, osati pagalasi? Ikafika kasanu, zinthu zayamba kusintha ngakhale zigoli zisanasinthe. Chigawo chachiwiri aziyang'ana otchinga awiri amene ali pa ayisi n'kuwerenga masekondi. Lipoti la mashifiti limene NHL imatulutsa gemu ikatha limaonetsa aliyense amene anapitirira mphindi imodzi ndi theka. Aziona ngati senta akutsika mpaka pansi pa timadontho ta faceoff, pamene oyimbira amagwetsera puck poyambitsa masewera, kudzathandiza, kapena akuthawira kutsogolo kudikira pasi imene sibwera. Aziyang'ananso zaka za amene akupatsidwa mphindi za power play: ngati ndi wa zaka 34 amene kontrakiti yake ikutha, ndiye kuti akumukometsera msika, ndipo pakadutsa tsiku lotsekera malonda mphindizo ziyenera kupita kwa mwana.

Ryan Warsofsky, amene anali wothandizira Quinn, anatenga timu mu Juni 2024 ali ndi zaka 36. Grier anabweretsa Tyler Toffoli ndi Alexander Wennberg kutsogolo, Jake Walman ndi Cody Ceci kumbuyo. Celebrini anagoletsa pa gemu yake yoyamba ndipo anamaliza ndi mapointi 63 m'magemu 70. Magemu ambiri anayamba kutha ndi kusiyana kwa chigoli chimodzi, ndipo anthu anayambanso kuonera mpaka kumapeto. Koma timu inayamba sizoniyo ndi magemu 9 osapambana, inathera pa mapointi 52, yomalizanso mu ligi yonse, ndipo ulendo uno timipira tinagwera New York Islanders. Sharks inasankha Michael Misa pa nambala 2, senta winanso, pamene Matthew Schaefer, wotchinga wotha kutulutsa puck amene ankasowa chichokereni Karlsson, anapita pa nambala 1.